Tsekani buku: momwe ndinadutsira chaka choyamba cha udokotala

Pa mayeso anga oyamba a anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi, sindinafike ngakhale pa theka la malikisi. Ndinayang'ana pepala la zotsatira kawiri, kachitatu ndikutsata ndi chala poganiza kuti mwina ndalumpha mzere n'kuwerenga za munthu wina. Zinali zanga ndithu. Chomwe chinandiwawa kwambiri n'chakuti sindinachite ulesi. Milungu 6 yathunthu ndinkatuluka mu laibulale pokhapokha akamatseka zitseko. Ngati mwangosankhidwa kumene kukaphunzira udokotala, khalani pansi ndikuuzeni momwe ndinafikira pa pepala limenelo, ndi momwe ndinachokerapo.

Sabata yoyamba imakoma. Aliyense m'kalasi anali katswiri kusukulu yomwe wachokera, ndipo aliyense akuyenda ngati akudziwa kale komwe akupita. Pofika sabata yachitatu nkhope zasintha. Zomwe kusekondale tinkaphunzira mwezi wathunthu, kuno mphunzitsi amazimaliza pa ola limodzi, wina n'kulowa kudzayamba zake musanapume n'komwe. Ine ndinachita zomwe zinkandithandiza kale: kuwerenga manotsi katatu, kudula mizere pansi pa mfundo zofunika, kenako kuwakoperanso bwinobwino m'kope lina. Pofika Lachisanu ndinkakhala ndikukopera za Lachiwiri. Walira mvula walira matope, ndinkadziuza choncho, n'kumangowonjezera maola, njira osaisintha.

Chinthu chimodzi chokha ndinachichita bwino m'milungu imeneyo, ndipo ndinachipeza mwangozi. Mawu ambiri a zachipatala ndi ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki, ndipo mukawaduladula amadzifotokoza okha. Hepar ndi chiwindi, nephros ndi impso, -itis ndi kutupa, basi hepatitis ndi nephritis mwazidziwa popanda kuloweza. Mnofu wotchedwa flexor digitorum profundus dzina lake likunena zonse: wopinda zala, wokhala mkati mwakuya. Ndinapatula madzulo angapo kuphunzira tizidutswa ta mawu timeneti, kuphatikizapo osonyeza malo monga proximal ndi distal, medial ndi lateral, ndipo phindu lake ndikulionabe mpaka pano. Koma samalani ndi mawu athu akuti mtsempha. Pa Chichewa artery (yotenga magazi kuchoka ku mtima) ndi mtsempha, vein (yobwezera magazi ku mtima) ndi mtsempha, nerve (yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi) ndi mtsempha, ngakhale tendon (yolumikiza mnofu ku fupa) ena amaitchula choncho. M'mutu mwanga zinayi zonsezi zinali chinthu chimodzi, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndizilekanitse.

Kenako inakwana nthawi yolowa m'chipinda cha mitembo.

Fungo la formalin, mankhwala osungira mitembo kuti isawole, ndi lomwe limakulonjerani pakhomo. Limalasa m'maso ndi m'mphuno, limakakamira zovala ndi tsitsi, ndipo ngakhale muvale magolovesi mudzalimvabe m'manja madzulo. Musalowemo ndi njala, pakuti kuima maola awiri kapena atatu pa fungo limenelo m'mimba muli pululu n'komwe kumagwetsa anthu. Tsiku loyamba ndinaima kumbuyo kwa anzanga, manja m'matumba a jasi loyera. Nkhope ya thupi lathu inali yophimbidwa, koma dzanja linali poyera, zikhadabo zake zowengedwa bwino. Dzanja limenelo ndi lomwe linandisokoneza maganizo, chifukwa linandikumbutsa kuti uyu anali munthu, ndipo panali wina amene ankamudziwa dzina. Mantha amatha pakapita masiku ochepa. Ulemu wokha usathe: osajambula, osamutcha maina achipongwe, ndipo mukamaliza mum'phimbe bwino.

Kulakwa kwanga kunali kupitiriza kuima kumbuyo. Pagulu lililonse pamakhala mmodzi wokonda kugwira mpeni, ndipo enafe tinkamusiyira mosangalala. Ine ndinkadalira zithunzi za m'buku, momwe artery ndi yofiira, vein ndi yabuluu, nerve ndi yachikasu. M'thupi lenileni lomwe lakhala mu formalin zonse n'zotumbuluka, zofanana mtundu. Zala ndi zomwe zimasiyanitsa: artery ndi yobulungira, mukaifinya imabwerera, vein ndi yopyapyala ndipo imaphwafuka, nerve ndi yolimba ngati chingwe, yopanda mphako. Komanso matupi safanana ndendende. Pitani pa matebulo a magulu ena mukaone momwe mtsempha womwewo wadutsira mwa munthu wina. Andreas Vesalius, pomwe ankatulutsa buku lake la kapangidwe ka thupi mu 1543, anakonza zolakwika zambiri za Galen, dokotala wakale wa Chigiriki, zomwe madokotala anazikhulupirira zaka zoposa 1,000, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: Galen ankatumbula nyama, pomwe Vesalius anagwira thupi la munthu ndi manja ake. Ine ndinali ndi thupi patsogolo panga koma n'kumakhulupirira pepala.

Mayeso omwe ndinalephera aja anali oyenda tebulo ndi tebulo. Pa tebulo lililonse pali chiwalo chobayidwa kasingano, funso lili pambali, ndipo belu likalira mumasuntha, mwalemba kaya simunalembe. Ndinkakumbuka tsamba la buku, ngakhale mbali yomwe chithunzi chinali, koma chomwe chinali patsogolo panga sindinkachizindikira. Choipitsitsa, ndikalephera tebulo limodzi ndinkalisenza m'mutu kupita nalo pa matebulo atatu otsatira.

Amene anandithandiza ndi mkulu wina wa chaka chachitatu. Nditamudandaulira kuti ndimawerenga kwambiri koma sizikuoneka, sanandipepese. Anang'amba pepala m'kope lake, n'kundipatsa cholembera. "Jambula brachial plexus," anatero. Iyi ndi mitsempha yolukanalukana yochokera m'khosi yomwe imayendetsa mkono wonse, ndipo tsamba lake ndinali nditaliwerenga kosawerengeka. Ndinalemba C5 pamwamba, T1 pansi, maina a muzu wake woyamba ndi womaliza, n'kujambula mizere 5. Pamenepo cholembera chinaima. Ndinkadziwa kuti mizu 5 imapanga mathunthu 3, mathunthuwo amagawika pawiripawiri kukhala 6, kenako zingwe 3, pomaliza nthambi zikuluzikulu 5, koma chiti chikulumikizana ndi chiti, mutu unangoti zii. Iye anaseka pang'ono. "Ukaliona umalizindikira, koma sulidziwa. Tseka buku, mng'ono wanga."

Pambuyo pake ndinadzamva kuti nkhaniyi ndi yakale. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zomwe anapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo: munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro, ndipo kubwereza motalikitsa nthawi kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anayerekeza ophunzira owerenga nkhani mobwerezabwereza ndi ena omwe ankaiwerenga n'kuyesa kuikumbukira osaona. Patangopita mphindi 5 owerenga mobwereza aja ndi omwe anachita bwino, ndipo ankadzidalira kwambiri. Patapita sabata zinatembenuka, odziyesa aja ndi omwe anakumbukira zambiri. Pamenepa m'pomwe pali msampha: kuwerenga mobwereza kumakoma, mumamva ngati zalowa, pomwe kutseka buku kumakuchititsani manyazi chifukwa mumaona msanga kuti simukudziwa.

Ndondomeko yanga inasintha motere. Ndinasiyiratu kukopera manotsi. Madzulo a tsiku lomwelo ndinkatenga pepala losalembapo n'kulemba kapena kujambula zonse zomwe ndikukumbukira pa phunziro lililonse, kenako n'kutsegula buku kuona zomwe ndasiya, n'kuzilemba ndi inki ya mtundu wina. Zomwe zalembedwa ndi inki yachiwiriyo ndinkazisandutsa mafunso. Mafunsowo ndinkabwererako mawa lake, kenako pakapita masiku 3, kenako sabata. Brachial plexus ndinkaijambula m'mawa uliwonse mpaka inayamba kutuluka yokha m'dzanja. Ambiri amagwiritsa ntchito Anki, pulogalamu ya makadi yomwe imakuwerengerani yokha tsiku lobwereza, ndipo ndi yabwino, koma inenso inandipweteka poyamba. Ndinkapanga khadi pa chiganizo chilichonse cha mphunzitsi, nditadwala masiku 4 ndinapeza mulu womwe sindikanaumaliza. Ndinafufuta oposa theka. Khadi likhale la funso limodzi lalifupi, la chinthu chomwe mwachimvetsa kale.

Pa kumvetsa pamenepa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa kudziyesa kokha sikukwanira ngati zomwe mukudziyesazo zilibe pogwira. Thupi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 206, mitsempha yochokera mu ubongo ndi mapeya 12, timafupa ta pamfundo ya dzanja ndi 8, ndipo minofu ndi yoposa 600. Mukati muloweze ngati mndandanda wa maina, mutu ukana. Ine zinayamba kukhazikika nditayamba kufunsa kuti chikawonongeka ichi, wodwala aoneka bwanji? Radial nerve imadutsa mokhudza fupa la mkono wam'mwamba chakumbuyo kwake. Fupalo likathyoka chapakati, mtsemphawo ukhoza kuvulala, ndipo dzanja limangolendewera, munthu osatha kulidzutsa. Nditamva zimenezi, njira ya mtsemphawo, minofu yomwe umayendetsa ndi ntchito yake zinamangika pamodzi, sindinaziiwalenso.

Physiology, phunziro la momwe thupi limagwirira ntchito, ndiye musayese n'komwe kuiloweza. Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda pafupifupi ka 70 pa mphindi, ndipo kugunda kulikonse umatulutsa magazi pafupifupi mamililita 70. Chulukitsani nokha, mupeza malita pafupifupi 5 pa mphindi, omwe ndi pafupifupi magazi onse a m'thupi. Tsono dzifunseni: munthu akataya magazi, kugunda kulikonse n'kumatulutsa ochepa, mtima uchita chiyani kuti malitawo asatsike? Mwayankha kale chifukwa chomwe wovulala mtima wake umathamangira. Impso zimasefa malita pafupifupi 180 pa tsiku, koma mkodzo umangokhala lita imodzi ndi theka. Phunziro lonse la impso ndi yankho la funso limodzi, loti madzi enawo amabwerera bwanji m'magazi, ndipo amabwerera pati.

Biochemistry, phunziro la makemikolo a m'thupi, sindinaikonde ndipo sindinamizira. Mkombero wa momwe maselo amapezera mphamvu m'chakudya, womwe Hans Krebs anaufotokoza mu 1937, ndinaujambula mpaka kutopa nawo. Chomwe chinandipulumutsa ndi kuyamba ndi cholowa, chotuluka ndi malo omwe liwiro limalamulidwa, zapakati n'kubwera pambuyo. Pa histology, pomwe mumaona tizidutswa ta ziwalo pa maikulosikopu, poyamba zonse zimangooneka zapinki ndi zapepo, chifukwa cha mankhwala awiri opaka, haematoxylin ndi eosin. Yambani ndi galasi lokuza pang'ono kuti muone chiwalo chonse, musanathamangire kukuza kwambiri.

Chapakati pa chaka tinapangana anthu 4 kuti tizikumana kawiri pa sabata. Lamulo linali limodzi: palibe kuwerenga pagulu, aliyense abwere atawerenga kale, aime pa bolodi afotokoze, enafe tim'panikize ndi mafunso. Gulu likakula kupitirira apo limasanduka macheza. Ndipo musatekeseke ndi uja amene amati sanawerenge kalikonse koma n'kukhoza bwino, kapena uja amene amatchula tinthu ta m'mawu ang'onoang'ono a pansi pa tsamba mayeso atatsala mphindi 10. Woyambayo akunama, wachiwiriyo nayenso ali ndi mantha.

Za tulo ndinaphunzira mochedwa. Usiku umodzi ndinachezera mpaka mbandakucha kukonzekera mayeso a physiology, ndipo m'mawa ndinawerenga funso limodzi katatu osalimva. Ubongo umakhazikitsa zomwe mwaphunzira pamene mukugona, izi zili m'maphunziro omwewo, koma timaziwerenga 2 koloko usiku osaona kuti akunena ife. Kuyambira pamenepo ndinadziikira nthawi yotseka mabuku, ndiponso theka la tsiku pa sabata losakhudza za sukulu.

Mudzadwalanso matenda onse omwe mukuphunzira. Ine nditaphunzira za ma lymph node, aja amatupa kukhala mwanabere, ndinapeza kachotupa m'khosi, ndipo sabata yathunthu ndinkakagwiragwira ndikudziwerengera masiku. Adokotala atandiyeza anati ndi chimfine chomwe ndinali nacho. Ngati china chikukudetsani nkhawa, kayezetseni, musadziyeze nokha. Achibale nawo adzayamba kukutchulani dokotala ndi kukuonetsani zotupa zawo. Yankho loona ndi lakuti mukudziwa dzina la fupa koma simunaphunzire kuchiza, apite kuchipatala.

Pali kudwala kwina komwe sikuseketsa. Mmodzi wa gulu lathu anayamba kujomba, kenako kusayankha foni. Tinkaganiza kuti akuwerenga payekha. Titapita kuchipinda kwake tinapeza kuti wakhala masiku osatuluka, osadya bwino, akudziona ngati anasankhidwa molakwika. Tinamuperekeza kwa mlangizi wa ophunzira, anathandizidwa, ndipo mayeso ena analemba obwereza. Ndimadziimbabe mlandu kuti tinadikira milungu iwiri tisanagogode. Mukaona kuti tulo tasowa, chakudya sichikulowa, zomwe munkakonda sizikukomanso, kauzeni munthu msanga, ndipo mnzanu akasowa m'kalasi masiku atatu, pitani mukamuone.

Mayeso omaliza a anatomy anali a matebulo omwe aja ndi belu lomwe lija. Pa tebulo lachitatu panali kasingano pa kabowo ka pansi pa chigaza, ndipo sindinakadziwe. Ndinalemba dzina lomwe linali pafupi m'mutu, belu linalira, ndinakasiya pomwepo. Chapatsogolo ndinapeza mkono utagonekedwa chafufumimba, kasingano kali pa chingwe chotumbuluka chokhudza fupa chakumbuyo, funso lili lakuti wodwala angaoneke bwanji ichi chitavulala. Ndinalemba belu lisanalire, n'kutsala ndi nthawi yopukuta misozi ya formalin.

Anatomy ndi physiology ndinakhoza bwino. Biochemistry ndinadutsa mopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Kabowo kaja ndinakafufuza madzulo a tsiku lomwelo: kanali foramen spinosum, podutsa middle meningeal artery, mtsempha womwe umatha kuduka munthu akamenyedwa m'mbali mwa mutu.