Kuyeza phewa ndi manja okha: zomwe ndatola pa phunziro la sabata ino

Kuno ku Salima odwala phewa sasowa. Msodzi wa ku Senga Bay wogwira nkhafi usiku wonse, mayi wokweza ndowa ya malita 20 kuti asenze, mnyamata wogwa pa kabaza mumsewu wa M5, onsewa amabwera ndi mawu amodzi: "Phewali likundiwawa." Makina a MRI, ojambula minofu ya m'kati mwa thupi, ali kutali, ndipo X-ray imaonetsa mafupa, osati mnofu wong'ambika. Chotsala ndi maso ndi manja athu.

Anzanga, tisathamangire mayeso a mayina otchuka tisanayankhe funso ili: kodi mkono ukukana kukwera wodwala akamaukweza yekha basi, kapena ukukananso ngakhale inu mutaugwira n'kuukweza?

Mapewa onse awiri akhale poyera. Bambo avule malaya, mayi amange chitenje m'khwapa. Imani kumbuyo. Ngati mbali imodzi yalowa m'kati pamwamba kapena pansi pa mzere wa fupa lakumbuyo kwa phewa, mnofu wafota, vuto ndi lakale. Auzeni akweze mkono okha, kenako muwauze kuti, "Bambo, ulekeni ulefuke, ndiukweze ine." Mukatero gundikizani chigongono kunthiti, chipindike madigiri 90, n'kutembenuzira dzanja kunja ngati mukutsegula chitseko. Likakana ngakhale m'manja mwanu, vuto lili mu mfundo yeniyeniyo: phewa louma, nyamakazi, kapena fupa logulukira kumbuyo. Phewa louma limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka odwala shuga, choncho muyezeni shuga tsiku lomwelo. Koma ngati ndi munthu wa khunyu yemwe wangogwa kumene, mkono n'kukanirira m'kati, ganizani za kugulukira kumbuyo. Apa m'pomwe ambiri amaphonya, chifukwa X-ray yojambula chakutsogolo yokha imatha kuoneka yabwinobwino. Pemphani ina yam'mbali.

Mkono ukamakwera m'manja mwanu koma mwini wake akulephera, yang'anani minofu inayi yogwira mutu wa fupa: supraspinatus, infraspinatus, teres minor ndi subscapularis.

Yambani ndi kukweza mkono cham'mbali. Ululu woyamba pa madigiri 60 n'kutha pa 120 umaloza mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa utapanikizika pansi pa fupa lomwe ndi denga la phewa. Wobwera pamwamba penipeni, mkono utayandikira khutu, nthawi zambiri ndi wa kamfundo kapamwamba pa phewa, pomwe fupa la m'munsi mwa khosi limathera. Tsimikizani podutsitsa mkono pachifuwa kupita kuphewa linalo. Wodwala amaloza pamalopo ndi chala chimodzi.

Mayeso a Jobe amayeza supraspinatus. Mkono ukwere cham'mbali madigiri 90, ubwere kutsogolo madigiri 30, chala chachikulu chiloze pansi ngati akukhuthula botolo, inu n'kukankhira pansi iye akulimbana nanu. Zolakwika ndi ziwiri. Ena amasiya mkono cham'mbali kwenikweni osaubweretsa kutsogolo. Ena amalemba "wafooka" pomwe munthu wangogonja chifukwa cha ululu. Kuwawa ndi kufooka si chinthu chimodzi, ndipo m'buku la wodwala zilembedwe padera. Zala zanu ziwiri n'zokwanira kukankhira, si mpikisano wa mphamvu. Yambani ndi mkono wabwino kuti mudziwe mphamvu zake zenizeni, poti dzanja la msodzi ndi la gogo n'zosiyana.

Infraspinatus: zigongono kunthiti, akankhire manja kunja inu mukutchinga. Yang'anirani chigongono, chimakonda kuthawa kunthiti kuti mnofu waukulu wa deltoid uthandize. Subscapularis: mayeso a Gerber, dzanja kumsana, alichotse pamsanapo. Amene sangafikitse dzanja kumsana akanikize pamimba. Chigongono chikabwerera m'mbuyo, mnofuwo wafooka. Pomaliza mukwezereni mkono pamwamba, autsitse pang'onopang'ono. Ukangogwa phu, mtsempha wang'ambika kwambiri, ndipo ngati zayamba atangogwa kumene, ameneyo ndi wa kwa a mafupa, asachedwe kunyumba ndi panado.

Mayeso a Neer ndi a Hawkins-Kennedy, ofufuzira mtsempha wopanikizika uja, ndimawaona kuti timawakhulupirira mopitirira. Pa Neer mumagwira fupa lakumbuyo kuti lisayende, n'kukweza mkono kutsogolo utatembenukira m'kati. Pa Hawkins-Kennedy phewa ndi chigongono zimapindika madigiri 90, inu n'kutsitsira dzanja pansi. Onsewa amawawitsa mapewa ambiri odwala mosasankha nthenda. Amamveka akaphatikizana: Hawkins-Kennedy wowawa, ululu wa madigiri 60 mpaka 120, ndi kufooka pokankhira dzanja kunja.

Kwa wachinyamata amene phewa limaguluka kawirikawiri, m'gonekeni chagada, mkono cham'mbali madigiri 90, muutembenuzire kunja modekha. Musayang'ane phewa, yang'anani nkhope. Chomwe mukufuna ndi mantha oti "liguluka," osati ululu. Kanikizani kutsogolo kwa phewa ndi chikhatho. Mantha akatha, mwapeza. Phewa lomwe laguluka lero musaliyese chonchi. Musanalibwezere, khudzani khungu la kunja kwa mkono, pansi pang'ono pa phewa, mufunse ngati pachita dzanzi, ndipo mukhudzenso mutabwezera.

Nanga phewa likamayenda bwino mbali zonse koma munthu akulira nalo? Fufuzani kwina. Khosi limatumiza ululu wotsika mpaka kuzala. Mtima ndi ndulu nazo zimatumiza. Phewa lotupa, lotentha, munthu ali ndi thupi lotentha, lingakhale ndi mafinya, ndipo lisapindidwepindidwe. Choopsa kwambiri kunyanja kuno, komwe malungo amatupitsa kapamba wa anthu ambiri, ndi wogwa pa njinga amene akudandaula nsonga ya phewa lakumanzere. Kapamba akaphulika, magazi a m'mimba amamveka kuphewa. Chimodzimodzi mayi amene wadumphitsa mwezi, mimba itakhala m'chubu n'kuphulika. Awiriwa agonekeni, muyeze BP ndi kugunda kwa mtima, mugwire pamimba, muike diripi, n'kuitana a kuthiyeta.