Loweruka ku Chibavi, padi ili m'manja

Lero kunacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza monga imachitira Mzuzu miyezi ino ya chisanu, ndipo nditatha zogula kumsika waukulu ndinakwera kabaza kupita ku Chibavi kukaona achemwali anga. Mwana wawo woyamba, yemwe ali Fomu 3, anandiumiriza kuti ndimuperekeze kukachipinda kena komwe anyamata amalipira kuti asewere magemu a pakanema. Ndinavomera mosavuta chifukwa mumtima ndinkayembekezera kukapezako zomwe ndinakula nazo.

M'chipindamo munali makanema atatu, mabenchi ndi makina a PlayStation, ndipo onse ankasewera mpira womwe amautchulabe kuti FIFA ngakhale eni ake anausintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC. Mnyamatayo anandipatsa padi nati, "Amalume, tayesani, paja mumati kale munali katswiri." Padiyo ili ndi timitengo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu, mabatani anayi pamaso ndi ena anayi kutsogolo komwe zala zolozera zimagwira, ndipo zonsezi zimafunika kugwira ntchito nthawi imodzi. Ndisanazindikire n'komwe kuti wosewera amene ndikumuyendetsa ndi uti, ndinali nditagoletsedwa kawiri. Palibe amene anaseka. Anyamatawo anangokhala chete mwaulemu kudikira kuti ndibweze padi, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa mmene chipongwe chikanandipwetekera.

Nditakhala pabenchi, maganizo anabwerera m'zaka za m'ma 1990, pamene m'sitolo ina pafupi ndi depoti ya mabasi munali bokosi lalitali lamatabwa lokhala ndi kanema mkati ndi kabowo koponyamo ndalama yachitsulo. Munali Street Fighter II, gemu yomwe kampani ya Capcom ya ku Japan inatulutsa mu 1991. Chogwirira chinali chimodzi chamutu wobulungira, mabatani anali 6, atatu a nkhonya ndi atatu a mateche, ndipo omenyana oti usankhepo anali 8. Ine ndinkasankha Ryu nthawi zonse, chifukwa ndinatha milungu yambiri ndikuphunzira kutulutsa Hadouken, moto womwe Ryu amaponyera mdani kuchokera m'manja: kukankhira chogwirira pansi, kuchipotoza kupita kutsogolo, n'kumenya batani la nkhonya dzanja lisanaime. Ndalama yake inali chenji chotsala ndikatumidwa kukagula parafini, kapena ya mandasi yomwe ndinkaisunga n'kuswera ndi njala kusukulu. Poti ndalamayo inali imodzi yokha, munthu unkasewera ndi mtima wako wonse, podziwa kuti wopambana atsala pamakina pomwepo pamene wogonja abwerera kumapeto kwa mzere. Amene ukumenyana naye ankaima pambali pako mpaka kugundana zigongono, kumbuyo kuli khamu la anzanu likukuwa, ndipo ukagonjetsa mkulu wa kusekondale nkhaniyo inkafika kwanu iwe usanafike. Pakona panalinso Pac-Man ya mu 1980, yopanda batani lomenyera n'limodzi lomwe, yomwe mwana aliyense ankaimvetsa akangoiona kamodzi ngakhale kuti kuthawa mizukwa inayi yomwe inkakuthamangitsa m'gemuyo kunkafuna nzeru ndithu.

Sindikunyoza magemu atsopanowa, pakuti udzu wa pabwalo, thukuta la osewera ndi phokoso la ochemerera zimaoneka ndi kumveka ngati zenizeni, ndipo luso la anyamatawa ndi lenileni. Chondidandaulitsa n'chakuti magemuwa anapangidwira munthu amene ali ndi maola ambiri ophunzirira, pamene ine ntchito ndi banja zimandisiyira madzulo a Loweruka okha. Ndinasiya kusewera kwa zaka zingapo poganiza kuti ndidzapitiriza pomwe ndinalekera, koma lero ndaona kuti malo amenewo kulibenso.

Pobwerera kunyumba ndinamufotokozera mnyamatayo za bokosi lija, ndipo titafika anafufuza pafoni yake mpaka anaipeza gemu yakaleyo. Galasi la foni ndi loterera, lilibe chogwirira choti dzanja limve, moti katatu konse Ryu ankangomenya nkhonya m'malere. Kachinayi moto uja unatuluka. "Amalume, mwapanga bwanji pamenepo?" anafunsa akusendeza mpando kufupi, ndipo ndinamugwira chala chachikulu n'kumuyendetsa pansi, kenako kutsogolo, mpaka achemwali anatiitana kuti nsima ikuzizira.