Amene akufika mu Lilongwe akufuna chipinda chimodzi

Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 670,000 mumzinda wa Lilongwe. Wa 2018 anapeza 989,318. Ena mwa owonjezekawa ndi ana obadwira mtauni momwemo, ena ndi ochokera ku Dedza, Ntcheu, Dowa, Mchinji, Kasungu ndi kwina, monga zakhala zikuchitikira chisamukireni likulu kuchoka ku Zomba mu 1975.

Ngati mukufuna kumanga nyumba za lendi, musawerenge mitu ya anthu, werengani makomo. Mu 2018 banja limodzi m'dziko muno linali ndi anthu 4.4 tikawagawa mofanana. Gawani anthu owonjezeka aja, pafupifupi 320,000, ndi 4.4: mupeza mabanja oposa 70,000, kapena kuti makomo 7,000 atsopano chaka chilichonse. Nambala yeniyeni ndi yoposa pamenepa, chifukwa munthu amene amagona ku Chitedze kapena ku Nathenje n'kumagwira ntchito mtauni, kalembera amamuika ku Lilongwe ya kumudzi.

Koma makomo 7,000 amenewa ndi a ndani? Apa m'pamene omanga ambiri amaphonya. Mnyamata wochokera kumudzi amafikira kwa mbale wake, n'kumagona pabalaza miyezi ingapo. Akapeza ganyu ku Kanengo kapena ntchito ya ulonda kumayadi, amasaka chipinda chimodzi pamalo poti azipita kuntchito wapansi, chifukwa minibasi yatsiku ndi tsiku ingamudyere malipiro onse. N'chifukwa chake Mgona inakula m'mbali mwa Kanengo, Mtandire m'mbali mwa Area 47, Kauma kufupi ndi Area 12. Zimandiwawa kuona nyumba yakumpanda ya zipinda zinayi ili yotseka miyezi, kutali ndi msewu, pamene mdadada wa mabanja asanu ndi limodzi ukanadzaza penti isanaume.

Mdadadawo nawo uli ndi malamulo ake. Chipinda chisachepere mamita atatu mbali zonse, ndipo chikhale ndi kakhonde kophikirapo pa mbaula. Chimbudzi chimodzi ndi bafa limodzi zisapitirire mabanja atatu. Mukapanikiza, dzenje limadzaza msanga ndipo alendi abwino ndiwo amayamba kuchoka. Mita imodzi ya magetsi pa makomo onse ndi gwero la ndewu za mayunitsi, makamaka wina akagula hotipuleti. Ikani kamita kapadera pa khomo lililonse. Ngati mpopi palibe, yendani nokha kukafika pa kiyosiki ya madzi muone mtunda wake, pakuti mayi wa pabanja amafunsa zimenezi asanafunse za lendi. Maziko akwere pamwamba pa nthaka ndipo denga litulukire kunja mokwanira, apo ayi khoma la zidina limanyowa kunsi mu Januwale n'kugwa.

Za malo, samalani. Puloti ya kwa mfumu itha kugulitsidwa kwa anthu awiri, makamaka ikadutsa m'manja mwa madobadoba. Musanapereke ndalama, onanani ndi eni ake enieni pamodzi ndi abale awo, funsani oyandikana nawo za malire, ndipo kafunseni ku khonsolo ndi ku ofesi ya zamalo ngati pamalopo sipanakonzedwe msewu kapena sukulu.

Anthu amachokanso, ndipo nthawi zina mwadzidzidzi. Mu Meyi 2023 boma litabweza othawa kwawo ku Dzaleka, nyumba ndi mashopu amene ankachita lendi m'madera ena a mzindawu anatsala opanda munthu. Msika wa fodya ku Kanengo ukatseka, aganyu ena amabwerera kumudzi kukasosa. Wogwira ntchito m'boma amalandira kalata ya transifa. Wopita ku Joni amasiya chipinda, koma ndalama zake zimadzagula puloti, ndiye kuti wachoka pa msika wa lendi n'kulowa pa msika wa malo. Choncho powerengera phindu, tengani miyezi khumi pachaka, osati khumi ndi iwiri.

Kumbukiraninso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera pompopompo, koma malipiro a mlonda sanakwere choncho. Lendi imayendera thumba la mlendi, osati mtengo wa thumba la simenti. Yambani ndi zipinda zitatu ndi chimbudzi chake, muone mmene zikudzazira, kenako muwonjezere zina.