Zikomo aphunzitsi anga, gawuni ija ndavala

Abale ndi alongo, dzulo ndinavala gawuni. Pa zaka 36, ndili ndi ana atatu, ndalandira digiri ya unamwino ndi uzamba ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, yomwe enafe timangoitchulabe kuti KCN (Kamuzu College of Nursing) ngakhale dzinalo linasintha mu 2021. Mauthenga adzaza foni, ambiri sindinayankhe, mundikhululukire. Ndafuna ndiyambe ndathokoza anthu anayi omwe sanali pachithunzi chadzulo. Mayina sinditchula, sakonda zotchuka, koma a kwathu ku Phalombe muwadziwa.

Oyamba ndi amayi omwe anandiphunzitsa Sitandade 1 mu 1994, chaka chomwe sukulu za pulayimale zinayamba kukhala zaulere. Tinakhamukira kusukulu ngati ngumbi, makalasi anachepa, ife tinkakhala pansi pa mtengo wa mango. Iwo anali m'gulu la aphunzitsi omwe analembedwa mwachangu asanapite ku koleji, ndipo anthu ankawaderera. Koma ndi iwo anagwira chala changa n'kulemba nacho a, e, i, o, u pamchenga, poti kope ndinalibe. Anatisiya zaka zingapo zapitazo. Ndinachedwa kukawathokoza, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Achiwiri ndi Madamu a Biology pa CDSS yathu. Apa mundilole nditalikitseko. Ndili Fomu 2, mu 2004, ndinatenga pathupi. Ndinangosiya kupita kusukulu osatsanzika, manyazi atandigwira. Bambo ananena kuti nkhani ya sukulu yatha, chatsala n'kulowa m'banja. Mwana atakwanitsa chaka, tsiku lina masana tinangoona njinga yakapalasa ikuima pabwalo, Madamu ali thukuta kamukamu. Anagwada pamaso pa bambo monga mwana wa pakhomo, n'kuwafotokozera kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana yemwe wabereka kubwerera kusukulu. Bambo sanamve. Madamu anabweranso sabata yotsatira, n'kubweranso kachitatu. Ulendo wachitatuwo anati, "Bambo, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Fizi ya teremu yoyamba ndilipira ine, mukaona kuti sakulimbikira mumutenge." Amayi anavomera kulera mdzukulu, ine n'kubwerera m'kalasi mu 2006, anzanga akale ali Fomu 4.

Sizinali zophweka. Anyamata ankandiitana kuti "make mwana", ndipo masiku ena ndinkafika m'kalasi nditagona maola awiri okha. Madamu ankandisiyira mabuku awo Loweruka ndi Lamlungu, pomwe sukulu yonse inali ndi mabuku owerengeka a phunzirolo. Pano ndikamaganiza malipiro a mphunzitsi wa kumudzi, amene amatha mwezi usanafike pakati, ndimadzifunsa kuti fizi ija anaichotsa pati. Sanandiuzepo. MSCE ndinalemba mu 2008, Biology ndi imene ndinakhoza bwino kuposa maphunziro onse.

Achitatu ndi a sisita, namwino wamkulu, omwe ndinawapeza pachipatala chaching'ono chomwe ndinayambira ntchito nditamaliza dipuloma. Kunena zoona, miyezi yoyamba ndinkadana nawo. Anali aukali, osaseka wamba. Usiku wina anandipeza nditasiya partograph, pepala lolembapo m'mene mayi akuyendera pa nthawi yobereka, osalemba, ndikuti ndilemba m'mawa popereka lipoti. Anandidzudzula mpaka ndinakalirira kuseri kwa thanki ya madzi. Kenako anandiitana, n'kundikhazika pansi, n'kundionetsa kuti pepala limenelo ndi limene limakuchenjeza msanga kuti mayi wachedwa kuchira, ndipo ambulansi uyitane nthawi ikadalipo, poti chipatala chachikulu chili kutali. Anandiphunzitsa kugwira pamimba mayi akangobereka kuti ndimve ngati chiberekero chalimba, kusachoka pambali pake ola loyambalo, komanso kusoka ndi tochi ya foni magetsi akazima. Zimenezi m'kalasi tinaziwerenga, koma m'manja anaziika ndi iwo. Ndi omwewonso anabwera ndi mafomu a digiri n'kuwaponya patebulo panga, amvekere, "Iwe usakalambire pano ngati ine." Ananditsinira khutu za tsiku lotsekera, ndipo anagwira mashifiti anga awiri kuti ndikonze mapepala.

Achinayi ndi a dokotala omwe ankayang'anira kafukufuku wanga. Chaputala changa choyamba chinabwerako chofiira ngati chaviikidwa m'magazi, ndinakwiya, koma ankanena zoona. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ya amayi mu Malichi 2023, ndinasiya zonse n'kuthamangira kumudzi, ndipo mumtima ndinali nditatsanzika sukulu. Iwo ankaimba foni Lachisanu lililonse. Sankayamba ndi za kafukufuku, ankayamba n'kufunsa ngati amayi apeza pogona. Patatha milungu ingapo anati ndiziwatumizira tsamba limodzi lokha pa sabata, pa WhatsApp. Masamba amenewo ndi omwe anasanduka buku lomwe ndinapereka.

Kwa amuna anga, amayi, azichemwali ndi anzanga a kuntchito, zikomo yanu ndibwera nayo pakhomo, siikwana pano. Bambo nawo dzulo anali kutsogolo kwenikweni, atavala jekete lobwereka, akuuza aliyense kuti uyo ndi mwana wanga.

Loweruka ndikupita kwa Madamu. Anapuma ntchito, maso akuwavuta, ndiye chithunzi cha pafoni sichiwakwanira, akuti akufuna kuigwira gawuniyo ndi manja. Ndanyamula chitenje, shuga ndi mafuta ophikira. Ndipita ndi mwana uja anamupeza ali kumsana kwanga mu 2005, pano ali ku koleji ya aphunzitsi. Amene muli ku Phalombe ndipo munadutsa m'manja mwa Madamu, mundiimbire pofika Lachisanu tipitire limodzi, m'galimoto muli malo a anthu atatu.