Ulendo wathu ku fakitale yophika mitengo ya mapepala

Tisanafike n'komwe pachipata, fungo linali litatichingamira kale. Mnzathu wina anatseka mphuno ndi mpango, amvekere mwina kwafera chinthu. Injiniya amene anatilandira anangoseka, nati: "Aphunzitsi, mwayamba kale phunziro. Lignin ikusweka imeneyo." Anafotokoza kuti mankhwala ophikira otchedwa sulfide akamazula timagulu ta methyl pa lignin, ulimbo wa mu mtengo, pamatuluka methyl mercaptan, mpweya wonunkha ngati kabichi wowola.

Gulu lathu la aphunzitsi a sayansi linapita kukaona njira yophikira mitengo yotchedwa kraft, imene Carl Dahl anatulukira mu 1879. Lignin ili ngati ulimbo womata ulusi wa cellulose, ndipo imatenga pafupifupi kota ya kulemera kwa mtengo wouma. Kuti pepala lipezeke, ulimbowo uchoke koma ulusi utsale wamphumphu. Tizidutswa ta mitengo amatiphika mumphika wachitsulo wautali ngati nsanja, pa madigiri pafupifupi 170, m'madzi a sodium hydroxide (soda) ndi sodium sulfide.

Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana kuti ntchito yonse imagwiridwa ndi soda. Ndinachita manyazi pang'ono injiniyayo atatenga choko. Soda amachotsa haidrojeni pa mbali ya lignin yotchedwa phenol, pamenepo n'kupangika kanthu kosakhazikika kotchedwa quinone methide. Sulfide akakhalapo amakalumphira msanga, n'kudula mfundo ya beta-O-4, yomwe ndi yochuluka kuposa mfundo zina zonse mu lignin. Akasowa, kanthuko nthawi zambiri kamasanduka enol ether, yomwe soda amailephera, kapena kamamatirirana ndi chidutswa china n'kupanga mfundo ya kaboni ndi kaboni. Ndiye kuti lignin yomwe umafuna kuphwanya yamangananso molimba kuposa poyamba. Ukati uwonjezere nthawi yophika, ulusi nawo umayamba kudyeka. N'chifukwa chake salimbana nayo mpaka ithe. Yotsalayo amaiyeza ndi nambala ya kappa, n'kuisiyira gawo loyeretsa.

Atatsuka phala la mitengo yophikidwayo anatipatsa kuti tigwire. Linali lofiirira, lonyowa, ndipo ukalipatula ndi zala ulusi umaoneka bwinobwino, wosaduka.

Kumalo owotchera tinangodutsa chifukwa nthawi inatithera. Madzi akuda otsala pophika amawaumitsa n'kuwawotcha: lignin imapereka nthunzi ndi magetsi, ndipo mankhwala amabwerera mumphika atawakonza ndi laimu. Pobwerera m'basi tinatsegula mawindo onse, koma fungolo linali litalowerera m'majuzi.