Kamphira kamodzi, oyilo yense pansi

Corolla yanga ndi ya 2004, ija yobwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Injini yake ndi 1NZ-FE, yomwe mumaipezanso mu Probox ndi Sienta. Siivuta. Koma chaka chatha inayamba khalidwe la kagalu: paliponse yagona, isiyepo chizindikiro. M'mawa uliwonse ndinkapeza dontho lakuda, kukula kwake ngati kobidi ya K10, pabwalo lomwe alandilodi anali atangothira kumene simenti.

"Achimwene," anatero alandilodi tsiku lina, "galimoto yanuyi ikundikodzera pabwalo."

Dontholo linkagwa kuchokera pa bauti ya sampu, chibeseni cha pansi pa injini chosungira oyilo, ndiye mlandu ndinaupereka kwa bautiyo. Ndinalowa pansi ndi sipanala ya 14 n'kumanga mpaka mitsempha ya m'khosi kuimirira. Kutacha, dontho lili pompo. Musachite zimenezi. Bauti imeneyi imafuna 38 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bauti), ndipo chimene chimatseka oyilo si mphamvu zanu koma kawashala kofewa kamene kamaphwatalala kamodzi kokha. Mukakakamiza mumadya matiredi a sampu, vuto la kawashala n'kusanduka la sampu yonse.

Oyilo ali ngati denga lodontha: pamene madzi akugwera si pamene alowera. Amatsetsereka kuchokera pamwamba, mphepo n'kumukankhira kumbuyo galimoto ikamathamanga, ndipo amakathera pamalo otsikitsitsa, pomwe pali bauti yosalakwa ija. Choyamba yalani katoni yoyera pansi pa galimoto usiku wonse kuti mudziwe chikudonthacho. Chakuda kapena chabulauni ndi oyilo wa injini. Chofiira nthawi zambiri ndi wa giyabokosi ya otomatiki. Chamadzimadzi, chapinki kapena chobiriwira, ndi cha radiyeta. Changa chinali chakuda bii.

Injini itazizira ndinaitsuka ndi palafini ndi burashi yakale, kupewa alternator ndi mapulagi a mawaya, n'kuipukuta ndi nsanza mpaka gwa. Amakaniko amawaza paudala wa mwana kuti oyilo akatuluka ajambule njira yake. Kwathu paudala kunalibe, ndiye ndinakatapa ufa woyera m'ndowa. Mayi a kunyumba anandipeza nditawerama, ndikuwaza ufa mozungulira injini mwaulemu wonse.

"Nanga bambo, zafika pothira nsembe? Mizimu ya ku Japan imadya nsima?"

Ndinaliza injini mphindi 15. Pabwalo ponse panamveka fungo la nsima yopserera, chifukwa ufa wina unagwera pa ekizozi. Koma nsembe inalandiridwa: mzere wabulauni unaonekera pa ufawo, kuyambira pakona yakumbuyo ya chivundikiro cha pamwamba pa injini, chomwe amakaniko amati top cover. Pa 1NZ ekizozi ili mbali yakumbuyoyo, ndiye fungo la oyilo wopsa lomwe ndinkanamizira maminibasi a kutsogolo kwanga linali langa lomwe.

Loweruka ndinapita ku Malangalanga, mu Lilongwe, kukagula gasiketi ya top cover, kachubu ka silikoni wa injini, fyuluta, kawashala ka sampu ndi chigubu cha oyilo cha malita 4. Gasiketi muziipinda musanalipire. Yabwino imakhala yofewa ndipo imabwerera yokha.

Ntchito yake njosavuta, bola dongosolo. Chotsani waya wa negetivu pa batire, kenako chipulasitiki cha pamwamba. Chotsaninso makoyilo a pamwamba pa mapulagi. Ndi anayi, iliyonse ili ndi bauti imodzi ya 10. Zulani mapaipi awiri a mpweya ndipo masulani tizitsulo togwira mawaya. Chivundikirocho chimagwidwa ndi mabauti 9 ndi manati 2. Ine ndinawabaya pa katoni, iliyonse pamalo ofanana ndi pomwe yachoka, kuti zisasokonekere pobwezera. Chikakanirira, chimenyeni pang'ono ndi thabwa. Osalowetsa sikuludiraiva pakati, chifukwa aluminiyamu akakandika, ngakhale gasiketi yatsopano singatseke.

Gasiketi yakale inathyoka m'manja ngati usipa wouma. Ndi mmene mphira umathera ukaphikidwa zaka zambiri: umauma, n'kusiya kudzaza mpata. M'bowo la pulagi yachitatu munali oyilo, n'chifukwa chake injini inkanjenjemera m'mawa. Ndinamupukuta ndisanakhudze pulagi, kuti asagwere m'silinda. Ndinagwedezanso valavu ya PCV, yotulutsira mpweya wa m'kati mwa injini. Ikamalira "che-che" ili bwino. Ikakhala chete ndiye yatsekeka, ndipo mpweya wosowa potulukira umakankha oyilo kudzera mu gasiketi iliyonse, yatsopano yomwe.

Silikoni ndiye amene amawononga anthu. Sapakidwa ngati majarini pa buledi. Amafunika malo awiri okha, pamene chivundikiro cha tcheni chakumana ndi mutu wa injini, kadontho ngati nyemba uku ndi uku, mutapala wakale. Wochuluka amafinyikira m'kati, n'kukatseka kasefa kamene pampu imakokera oyilo. Mukapaka, vundikirani pasanathe mphindi 3. Mabauti mumange mopingasa, kuyambira pakati kupita kunja, kawiri kapena katatu, mpaka 10 Nm. Ndi mphamvu yochepa kwambiri. Ngati mulibe torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu, gwirani sipanala pafupi ndi mutu wake ndi zala zitatu. Kenako dikirani maola awiri musanalize injini.

Ndinadikira, n'kuliza. Pouma gwa. Ndikanalekera pomwepo, lero bwenzi ndili munthu wolemekezeka m'dera lathu.

Koma aneba awiri anali atabwera kudzaonerera, ndipo wina anali atanditchula kale kuti "injiniya". Ndinati tisinthiretu oyilo injini ikadali yofunda, poti wofunda amatuluka msanga ndi zinyalala zake. Ndinaika njerwa kumatayala akumbuyo, jeke, ndi masitandi, chifukwa jeke yokha silowedwa pansi. Oyilo wakale ndinamukhetsera m'beseni lochapira la mayi, n'kumanga bauti ndi kawashala katsopano. Fyuluta yakale ndinaimasula n'kuiponya uko osaiyang'ana, pakamwa pali kalikiliki kufotokozera aneba za PCV. Yatsopano ndinaipaka oyilo pa mphira wake monga zimafunikira, n'kuimanga ndi manja: ikakhudza, kuonjezera magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Ndinamva ngati ikukhala pa siponji, koma injiniya sakayikira pagulu. Ndinatsitsa galimoto n'kuthira malita 3.7, muyeso wa injini imeneyi ukasintha ndi fyuluta.

Mwana wa mlongo wanga anakhala pa chiwongolero. Ine ndinagwada kutsogolo, mutu pansi pa bampala, tochi m'manja.

"Malume, ndilize?"

"Liza!"

Masekondi awiri oyamba zinali bwino. Kenako kunamveka "phwii!" ndipo dziko linada. Oyilo anandimenya pamphumi, n'kudzaza khutu, n'kutsikira m'malaya. Ndinakuwa kuti, "Zimitsa!" Mnyamatayo akuti anamva "Limbitsa!" ndipo anaponda moto. Anadzazimitsa yekha ataona kanyali kofiira kooneka ngati ketulo kayaka. Pamenepo anachita bwino, chifukwa injini ikayenda kanyali kameneko kali koyaka, mabeyaring'i amatha mphindi zochepa.

Aneba aja sanaseke nthawi yomweyo. Anayamba apepesa kaye, kenako anapita kuseri kwa mpanda, komwe ndinawamva bwinobwino.

Nditamasula fyuluta, wolakwa anagwera m'dzanja langa. Mphira wa fyuluta yakale unali utatsalira pa injini, ine n'kumangira watsopano pamwamba pake. Mphira umodzi umakhala mu kangalande kake pa fyuluta, chitsulo chitaugwira mbali zonse. Wachiwiriwo alibe choumangira, ndiye pampu ikangokankha, umatumphukira pambali n'kutsegula njira. Kupewa kwake n'kwa masekondi asanu: tembenuzani fyuluta yakale muone ngati yatuluka ndi mphira wake, kenako pukutani pomwe imakhala mpaka muone chitsulo chowala. Pa dipisitiki oyilo anangonyowetsa kansonga kokha.

Amene ndinkathawa kadontho ka K10 tsopano ndinali ndi nyanja. Ndinathira mchenga wouma, kuupondaponda, kuusiya usiku wonse, n'kusesa. Kenako sopo waufa, madzi otentha ndi burashi yolimba, katatu. Mchenga wonyowawo ndi oyilo wakale ndinazitsekera m'zigubu, chifukwa zikalowa m'ngalande zimakathera m'madzi omwe ena amamwa. Simenti yatsopano imamwa oyilo ngati buledi mu tiyi, ndiye banga linangochepa mtundu koma silinachoke.

Lolemba ndinakwera minibasi kukagula malita ena 4, beseni latsopano, ndi ufa wobwezera nsembe ija. Galimoto sinadonthenso mpaka lero. Bangalo ndi lalitali, lopyapyala, lokhota pang'ono kumunsi, ndipo alandilodi akalandira alendo amawatengera pomwepo ndi ndodo yawo.

"Uku ndi ku Karonga," amatero, "apa ndi pa Monkey Bay. Anajambula ndi achimwene awa."