Chigololo: polisi alibe nacho mlandu, koma khoti la banja limachimva

Pa phunziro la malamulo a banja pali funso limene limagwetsa ophunzira ambiri. Bambo wapabanja akapezeka mu resitihausi ndi mayi amene wamulipira ndalama, waphwanya lamulo liti? Pakamwa pamafulumira kunena kuti onse awiri akagone m'chitolokosi. Koma mukatsegula Penal Code ya Malawi, buku la malamulo a milandu ya kupolisi ndi zilango zake, simupezamo gawo lonena kuti chigololo ndi mlandu. Mpingo ungamudule munthu, ankhoswe angamudzudzule, koma wapolisi alibe poyambira kutsegula fayilo.

Kulipira ndalamako nakonso sikusintha zinthu ngati onse ndi akuluakulu ndipo agwirizana. Apa mpofunika kuwerenga mofatsa, chifukwa magawo ake amazungulira nkhaniyo osaikhudza. Magawo 145 ndi 146 amaletsa kudyera ndalama za uhule, gawo 147 limaletsa kuyendetsa nyumba yochitiramo malondawa, ndipo gawo 180 limalanga woyendayenda wochita zosokoneza kapena zolaula pagulu. Kwa zaka zambiri apolisi ankamanga amayi oyendayenda ndi gawo 146, ati akudya ndalama za thupi lawo. Mu 2016, pa mlandu wa amayi 19 amene anagwidwa ku Dedza, Justice Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba anagamula kuti gawoli linalembedwa pofuna kuteteza amayiwo kwa anthu owadyera masuku pamutu, osati kuwamanga iwo eni. Mu 2017 khoti lalikulu linathetsanso gawo 184(1)(c), limodzi mwa magawo a lamulo la vakabu, limene linkagwiritsidwa ntchito posesa anthu usiku. Chimene chimandipweteka powerenga mlandu wa ku Dedza n'chakuti amene anaimirira m'khoti anali amayi okhaokha.

Malire ake ndi zaka. Ngati wolipidwayo sanafike zaka 18, nkhani yonse yatembenuka: uko ndi kugona ndi mwana, chilango chake chimafika moyo wonse m'ndende, ndipo mawu akuti "anavomera yekha" sapulumutsa munthu. Okhala ku Joni adziwenso kuti ku South Africa lamulo la 2007 limalanga wogula, ngakhale wogulitsayo ali wamkulu.

Kumene chigololo chimalemera ndi ku lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act. Lamuloli limazindikira maukwati a mitundu 4: wa kwa DC, wachikhalidwe wa ankhoswe, wakutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wongolowana umene khoti lingauvomereze anthu akakhala limodzi zaka zosachepera 5. Chifukwa chothetsera banja ndi chimodzi, chakuti lasweka mosatheka kulikonzanso. Chigololo chimalowa ngati umboni wa kuswekako, ndipo chimayenda ndi mfundo yachiwiri imene ambiri amaiphonya: wodandaula asonyezenso kuti sangathe kupitiriza kukhala ndi mnzakeyo. Lamulo silisiyanitsa chibwenzi chamseri cha zaka 3 ndi usiku umodzi wolipira. Zonse ndi chigololo.

Milandu yambiri imafookera pa umboni. Khoti silidikira kuti munthu agwidwe ali pamphasa, chifukwa zoterezi sizichitikira pabwalo. Limayang'ana ngati panali chilakolako ndi mpata: malisiti a malo ogona, ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala imodzimodzi usiku, mwana wobadwa kunja, kapena kuvomera kwa mwini wake pamaso pa ankhoswe. Mphekesera za pachigayo si umboni. Chinanso, ngati wolakwiridwa anadziwa, nakhululuka, banja n'kupitirira monga kale, winayo angauze khoti kuti nkhaniyo inatha, ndipo kuidzutsanso kumavuta pokhapokha atabwereza.

Pakhomo polowera napo mposiyana. Ukwati wachikhalidwe umathera kwa majisitireti, amene kawirikawiri amafuna kumva kaye kwa ankhoswe, ndipo angalamule wopasula banja kupereka chipepeso potsata mwambo wa ukwatiwo. Wa kwa DC umapita kukhoti lalikulu. Ukwati wa kwa DC ndi wa anthu awiri basi, choncho wokwatira wina usanathe wapalamula mlandu weniweni, wa zaka 5 m'ndende. Apa ndipo pamadabwitsa ophunzira: kubisa chibwenzi si mlandu, koma kuchilembetsa ukwati ndi mlandu.

Pa katundu ndi ana, anthu amayembekeza kuti wachigololo achoka chimanjamanja. Sizitero. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limati katundu wa banja agawidwe mwachilungamo, ndipo khoti limawerengera zimene aliyense anathandiza, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Ana amapita kumene akakhale bwino, osati kwa amene sanalakwe. Ngati ndalama za sukulu fizi ndi chakudya zikuthera kumalo omwera mowa, mayi sayenera kudikira kutha kwa banja: angapemphe khoti kuti lilamule bamboyo kupereka chithandizo, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limawerengera kumana wina ndalama zofunika pakhomo ngati nkhanza.

Mbali imene ndikufuna aliyense aimvetse ndi iyi. Popeza chigololo si mlandu wa kupolisi, amene amamangidwa pa tsiku logwirana nthawi zambiri ndi wolakwiridwa uja. Kumenya ndi mlandu. Kuvula mayi pagulu ndi mlandu. Kuswa galasi la galimoto ndi mlandu. Kujambula anthu ali maliseche n'kumwaza pa WhatsApp kumagwa m'lamulo la 2016 la za pa intaneti, lomwenso limaletsa kulowa m'foni kapena mu akaunti ya wina popanda chilolezo. Ngakhale wopha mnzake atamupezerera, mkwiyo wadzidzidzi ungangochepetsa mlandu kuchoka pa kupha mwadala kufika pa kupha mosakonzekera, koma ndende ilipobe. Njira yotetezeka ndi kulemba masiku ndi malo, kusunga mauthenga amene afika pa foni yanu, kuitana ankhoswe a mbali zonse kuti amve okha, kukayezetsa magazi, kenako kupita kwa kalaliki wa khoti kapena ku ofesi ya Legal Aid Bureau ngati ndalama za loya palibe.